GEORGE WASHINGTON CARVER: KAPOLO AMENE ADAONA CHUMA M'MAKOKO A MTEDZA

Kwathu kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba, miyezi ya Epulo ndi Meyi ikafika anthu amakumba mtedza. Akauthothola ndi kuuyanika, madzulo pakhomo paliponse pamakhala ntchito yoswa, ndipo kukacha makoko amasesedwa n'kukatayidwa kudzala kapena kutenthedwa. Ambiri mwa ife sitiwerengera makokowo ngati gawo la zokolola, chonsecho pa thumba lililonse la mtedza wosaswa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake ndi makoko. Ndiye kuti mlimi wokolola matumba anayi amataya zolemera ngati thumba lathunthu, zimene zidatuluka m'nthaka yake yomwe.

Abambo ansembe, makolo athu ndi anzanga, ndafuna kuti m'magazini ino ndikufotokozereni mbiri ya munthu wina amene adakhala moyo wake wonse akuphunzitsa alimi osauka kuti asamataye zinthu ngati zimenezi. Dzina lake ndi George Washington Carver, munthu wakuda wa ku America amene adamwalira m'chaka cha 1943. Ndasankha iyeyu chifukwa alimi amene ankawathandiza adali ndi mavuto ofanana kwambiri ndi a makolo athu: nthaka yoguga, ngongole, ndi feteleza amene mtengo wake sakadaufikira.

MWANA WOWOMBOLEDWA NDI KAVALO

George adabadwa cha m'ma 1864 pafupi ndi mudzi wa Diamond m'chigawo cha Missouri. Tsiku lake lobadwa silidalembedwe paliponse pakuti adabadwa ali kapolo, ndipo ana a akapolo sankalembedwa m'kaundula ngati ana a mfulu. Amayi ake, a Mary, adachita kugulidwa ndi mlimi wina wachizungu, Moses Carver, m'chaka cha 1855 pa mtengo wa madola 700. Nthawi imene George ankabadwa n'kuti m'dziko la America muli nkhondo yapachiweniweni imene gwero lake lidali nkhani ya ukapolo yomweyi.

Mwanayu adakali wakhanda, usiku wina kudabwera achifwamba amene adaba iye ndi amayi ake n'kupita nawo ku Arkansas. Moses Carver adatuma munthu wina, John Bentley, kuti awalondole. Bentley adabwerako ndi mwana yekha, akudwala kwambiri, ndipo malipiro ake adali kavalo. Amayi ake sadaonekenso mpaka kalekale.

Ukapolo utathetsedwa m'chaka cha 1865, Moses ndi mkazi wake Susan adalera George ndi mkulu wake James pakhomo pawo. Popeza George adali wodwaladwala, sankapita kumunda kukagwira ntchito zolemetsa. Susan adamuphunzitsa kuphika, kuchapa, kusita, kusoka ndi kuwerenga pang'ono. Nthawi yotsala ankaithera kutchire akuyang'ana maluwa, tizilombo ndi miyala, ndipo adali ndi kadimba kake kobisika kumene ankasamalirako mbewu zofota. Anthu oyandikana nawo adayamba kumubweretsera maluwa awo odwala kuti awachize, mpaka adamupatsa dzina loti dokotala wa mbewu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku George adakuphunzira ali mwana wosavala nsapato.

ULENDO WOFUNA SUKULU

Sukulu ya kwawo sinkalandira ana akuda. Ali ndi zaka pafupifupi 12, George adanyamuka wapansi kupita ku Neosho, mtunda wopitirira makilomita 12, kumene kudali kasukulu ka ana akuda. Kumeneko adasungidwa ndi mayi wina mzamba, Mariah Watkins, ndi amuna ake a Andrew. Mayiyu adamuphunzitsa za mankhwala azitsamba, adamuzoloweza kupita kutchalitchi, ndipo adamulimbikitsa kuti chimene aphunzire adzabwerere nacho kwa anthu a mtundu wake.

Posakhalitsa George adaona kuti zimene ankaphunzitsa pa kasukuluko wazimaliza, choncho adapita ku Kansas. Ankagwira ganyu wophika ndi kuchapa, akapeza ndalama n'kulowa m'kalasi, zikatha n'kubwereranso ku ganyu. M'chaka cha 1879, ali mu mzinda wa Fort Scott, adaona ndi maso ake gulu la azungu likupha munthu wakuda mwankhanza pamsewu. Adachokamo mu mzindawo nthawi yomweyo, ndipo chinthuchi sadachiiwale moyo wake wonse. Adayendayenda m'matauni ena mpaka adakamaliza sekondale ku Minneapolis, m'chigawo chomwecho cha Kansas.

Kenaka adalembera kalata koleji ya Highland ndipo adamuyankha kuti malo apezeka. Atafika, akuluakulu a kolejiyo ataona khungu lake adamubweza pakhomo. Ife amene tidalandira kalata yotiitana ku seminale tikudziwa mmene mtima umadumphira tsiku lotero. Tangoganizani kufika ndi katundu pamutu n'kuuzidwa kuti bwerera. George adapita kuchigawo chouma cha Ness, kumadzulo kwa Kansas, m'chaka cha 1886, kumene adatenga malo, namanga nyumba ya zibuma ndi kuyamba kulima yekha.

Mtima wofuna sukulu sudamuchoke. M'chaka cha 1890 adalandiridwa pa koleji ya Simpson ku Indianola, m'chigawo cha Iowa, kumene ankaphunzira kujambula ndi kuimba piyano, uku akuchapira anzake zovala kuti apeze chakudya. Mphunzitsi wake wa zojambula, mayi Etta Budd, adaona kuti pafupifupi chilichonse chimene George ankajambula chidali maluwa ndi mbewu. Adamulangiza kuti akaphunzire zaulimi pa koleji ya boma ya ku Ames, poona kuti munthu wakuda sakadadya ndi zojambula m'masiku amenewo. George adalowa kolejiyo m'chaka cha 1891 ngati wophunzira wakuda woyamba. Adatenga digiri yoyamba mu 1894 ndi yachiwiri mu 1896, akugwira ntchito ndi Pulofesa Louis Pammel pa matenda a mbewu oyamba ndi nkhungu. Apa n'kuti ali ndi zaka zopitirira 30. Zoonadi tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

NTHAKA YOGUGA YA KU ALABAMA

M'chaka chomwecho cha 1896, a Booker T. Washington, mkulu wa sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee ku Alabama, adaitana a Carver kuti akayang'anire nthambi ya zaulimi. Ku Ames adali ndi ntchito yabwino, nyumba zomeretsera mbewu ndi zipangizo zokwanira, koma adavomera kupita. Adakhala ku Tuskegee zaka pafupifupi 47, mpaka imfa yawo.

Zimene adazipeza kumeneko zidali zomvetsa chisoni. Alimi akuda adamasulidwa ku ukapolo koma ambiri adalibe malo awoawo. Ankalima m'minda ya azungu n'kumapereka gawo lalikulu la zokolola kwa mwini malo, ndipo chakudya ndi mbewu ankatenga pa ngongole kusitolo. Agogo athu amene adalawa thangata m'maesiteti a kuno kum'mwera sangavutike kuumvetsa moyo umenewu. Eni malo ankafuna mbewu imodzi yokha, thonje, chaka ndi chaka pamunda womwewo mpaka pakhomo penipeni. Nthaka idaguga, mvula idakumba zigwembe, ndipo mabanja ankangodya ufa wa chimanga, nyama ya nkhumba yamafuta ndi manyuchi, kotero kuti matenda osowa zakudya m'thupi adali ponseponse.

Sukuluyo idalibe chipinda choyeseramo zinthu za sayansi. A Carver adatenga ophunzira awo n'kupita nawo kumadzala kukatola mabotolo, zitini, mawaya ndi mapoto otayidwa, ndipo zimenezi n'zimene adayambira nazo ntchito. Munda woyeserapo mbewu umene adapatsidwa udali wa maekala 10, woguga ngati minda ya anthu ozungulira. Poyamba adayesa feteleza wogula, koma posachedwa adazindikira kuti phunziro lofuna ndalama n'lopanda ntchito kwa mlimi amene alibe ndalamayo. Kuyambira pamenepo adalimbikira njira zimene munthu wa khasu limodzi kapena bulu mmodzi angazithe.

Njira yoyamba idali manyowa. Ankauza alimi kuti azituta masamba a m'nkhalango, matope akuda a m'madambo, ndowe, phulusa, udzu ndi zotsala za kukhitchini, n'kuziunjika pamodzi kuti ziwolerane. Ankadana kwambiri ndi chizolowezi chotentha zinyalala za m'munda. Njira yachiwiri idali kasinthasintha wa mbewu: kuti pamene padali thonje chaka chino, chaka chamawa padzalidwe khobwe, soya, mtedza kapena mbatata.

Chifukwa chake tidachiphunzira ndi ife m'kalasi ya zaulimi. Mukazula mtedza kapena khobwe mudzaona timabulunga tating'ono ngati mikanda pamizu yake. M'menemo mumakhala tizilombo ta bakiteriya timene timatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Nayitirojeni ameneyu ndi yemwe timamugula m'thumba la Urea. Thonje ndi chimanga zimangodya osabweza, pamene mbewu za mtundu wa nyemba zimadzipezera zokha gawo lalikulu la chakudyachi, ndipo masangwi ake akabwerera m'nthaka mbewu yotsatira imapindula.

Ku Tuskegee sikuti zonse zinkayenda myaa. A Carver adali katswiri pa kuphunzitsa ndi kufufuza, koma ntchito ya muofesi, yolemba malipoti ndi kuyang'anira makola a sukulu, inkawavuta. Ankakangana kawirikawiri ndi a Washington, ndipo kangapo konse adaopseza kuti asiya ntchito. Komabe sadachoke, ndipo anthu awiriwa adagwira ntchito limodzi mpaka a Washington adamwalira mu 1915.

SUKULU YA PANGOLO

Alimi ambiri sankatha kuwerenga, ndipo sakadasiya minda yawo kupita kusukulu. A Carver adayamba kumawatsatira kumidzi, nthawi zina Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi, atanyamula mbewu ndi zipangizo pangolo. M'chaka cha 1906 adakonza ngolo yapadera yokokedwa ndi abulu, imene ndalama zake adapereka ndi munthu wina wolemera wa ku New York, Morris K. Jesup. Ngoloyi inkanyamula makasu a ng'ombe, mbewu, ndi zipangizo zopangira bata ndi zosungira zakudya. Woyenda nayo adali wophunzira wa pa Tuskegee pomwepo, Thomas Campbell, amene adakhala mlangizi wa zaulimi wakuda woyamba kulembedwa ntchito ndi boma la America. Phunziro linkachitikira pamunda wa mlimi weniweniyo, anzake ataima mozungulira, monga achitira alangizi athu pamunda wachitsanzo.

A Carver adalembanso timabuku 44 ta malangizo m'chinenero chosavuta. Koyamba, ka mu 1898, kadali kophunzitsa kudyetsa ziweto zipatso za mitengo ya m'nkhalango zimene zinkangowolera pansi. Tina tidali ta mbatata, khobwe, tomato, kusunga nyama, ndi kubwezeretsa chonde m'nthaka.

Maganizo a ku Tuskegee adafika ndi kuno. Mbusa John Chilembwe, amene adapita ku America mu 1897 nakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, adabwerako mu 1900 ndi mtima wofuna kuti anthu akuda adzidalire pa maphunziro, ulimi ndi ntchito zamanja, monga ankaphunzitsira a Washington. M'chaka cha 1924 gulu la Phelps-Stokes, m'mene mudali Dr James Aggrey wa ku Ghana, lidayendera sukulu za m'Nyasaland n'kulangiza maphunziro okhudza moyo wa kumudzi. Zitatero, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma lidatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, pamtsinje womwe uja umathira m'nyanja yathu ya Chilwa. Kumeneko aphunzitsi ndi akazi awo ankaphunzira ulimi, ukhondo ndi kasamalidwe ka pakhomo kuti akaphunzitse m'midzi. Njira imeneyi idachokera kum'mwera kwa America, kumene a Carver ankagwira ntchito.

MTEDZA UWATCHUKITSA

Mtedza kwawo kwenikweni ndi ku South America. Amalonda achipwitikizi ndiwo adaufikitsa ku Africa, ndipo ku North America udafika m'nthawi ya malonda a akapolo. Azungu ambiri kumeneko ankauyesa chakudya cha nkhumba ndi cha amphawi.

Zinthu zidasintha chifukwa cha kachirombo kofanana ndi nankafumbwe, koboola mabulu a thonje. Kadalowa m'America kuchokera ku Mexico cha m'ma 1892 ndipo kadafika ku Alabama cha m'ma 1910. Minda ya thonje idawonongeka, ndipo alimi ambiri adatembenukira ku mtedza. Anthu a m'tauni ya Enterprise adapindula nawo kwambiri mwakuti mu 1919 adamanga chipilala chothokoza kachiromboko powachotsa pa ukapolo wa mbewu imodzi. M'chaka cha 1916 a Carver adatulutsa kabuku kofotokoza kalimidwe ka mtedza ndi njira 105 zoukonzera kuti anthu adye. Amayi athu amene amatendera nkhwani, kuphika futali ndi kusinja chiponde akadawaonjezera njira zina.

Mu Januwale 1921 bungwe la alimi ndi amalonda a mtedza lidawatuma ku Washington kukalankhula pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo, kupempha msonkho woteteza mtedza wa m'dzikomo ku mtedza wotchipa wochokera kunja. Adapatsidwa mphindi 10 zokha, ndipo aphungu ena adayamba ndi kuwanyoza. Iwo adatsegula bokosi lawo n'kumatulutsa chimodzichimodzi: mkaka wa mtedza, ufa, maswiti, utoto, zakudya za ziweto. Aphungu aja adachita chidwi n'kumawaonjezera nthawi mobwerezabwereza. Msonkhowo udalowa m'lamulo la 1922, ndipo dzina la a Carver lidamveka dziko lonse. Mu 1923 adalandira mendulo ya Spingarn kuchokera ku bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP.

Mndandanda wa zinthu zimene adapanga kuchokera ku mtedza umafika pafupifupi 300, ndipo za mbatata zimapitirira 100. Chimene chidandikopa ine n'chakuti sadalekere pa njere zokha. Kuchokera ku makoko adayesa kupanga mapepala, matabwa opanikiza otchingira zipinda, makala, timitanda toyatsira moto, chakudya chosakaniza cha ziweto ndi zofewetsera nthaka. Masangwi ndi timakungu tofiira ta njere nazonso adazipezera ntchito.

ZIMENE ADACHITA NDI ZIMENE AMANGOWANAMIZIRA

Munthu akatchuka anthu amamuveka nthenga zosakhala zake, choncho ndi bwino tisiyanitse. A Carver sindiwo adatulukira chiponde. Anthu a ku South America ankasinja mtedza kalekale, ndipo Marcellus Edson wa ku Canada adalembetsa njira yake yopangira chiponde mu 1884, a Carver asadalowe n'koleji komwe. Sindiwonso okha adachititsa kuti alimi a ku Alabama ayambe mtedza, pakuti kachirombo kaja ndi mitengo ya pamsika zidachita mbali yaikulu. Zambiri mwa zinthu 300 zija zidathera m'chipinda choyesera, sizidafike m'sitolo, ndipo ziphaso za boma zoteteza luso lawo adatenga zitatu zokha. M'zaka za m'ma 1930 ankasisita ndi mafuta a mtedza ana opuwala ndi poliyo, ndipo ena ankapezako bwino, koma madokotala adapeza kuti chothandiza kudali kusisitako, osati mafutawo.

Izi sizichepetsa ulemu wawo. Olemba mbiri a masiku ano amati ntchito yawo yaikulu idali uphunzitsi: kuonetsa mlimi wosauka kuti angathe kudyetsa banja lake ndi kuchiza nthaka yake ndi zinthu zimene zamuzungulira. Adali munthu wopemphera. Ankadzuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha kukayenda m'nkhalango, ndipo ankakhulupirira kuti Mlengi amalankhula kudzera m'zolengedwa zake kwa amene ali tcheru. Kuyambira mu 1907 ankaphunzitsa kalasi ya Baibulo Lamulungu madzulo, ophunzira atachita kuwapempha. Sadakwatire, ankavala jekete yakale, koma tsiku lililonse ankatsomekapo duwa latsopano.

MAKOKO A KWATHU

Tsono ife a ku Chilwa tingatolepo chiyani? Nyanja yathu ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Idaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mbali yake yaikulu mu 2018. Ikaphwa, matemba, makumba ndi milamba zimasowa, mabwato amagona pamatope ku Kachulu, ndipo banja lililonse limayang'ana kumunda. Koma mindayo ndi yaing'ono, yalimidwa chimanga zaka zambiri, ndipo mtengo wa feteleza umakwera kuposa wa zokolola. Nkhuni nazo zikusowa chifukwa mitengo yambiri idathera kuphika ndi kuwamba nsomba. Pamenepa makoko a Chalimbana kapena CG7 amene timataya aja ali ndi ntchito zingapo.

Yoyamba ndi manyowa. Makoko ndi ouma, olimba, ndipo ali ndi nayitirojeni wochepa, choncho amachedwa kuwola. Mukawakwirira m'munda osawola, tizilombo towoletsa timayamba tabwereka nayitirojeni wa m'nthaka ndipo chimanga chimachita chikasu. Njira yabwino ndi kuwaphwanya mumtondo kapena kuwapondaponda, kuwanyika m'madzi usiku umodzi, kenaka kuwayala pankhuti mosinthanitsa ndi ndowe, zitosi ndi masamba aawisi, n'kuwazako phulusa pang'ono. Nkhutiyo izikhala yachinyezi ndipo izitembenuzidwa pakapita milungu iwiri kapena itatu. Ikapsa pakatha miyezi ingapo, manyowa ake amamasula dothi lamakande la kudambo kuti lisamagwirane ngati njerwa, ndipo m'dothi lamchenga amasunga madzi. A Carver ankaonjeza matope a m'dambo, koma ife tisamale: madzi a Chilwa ali ndi mchere, choncho matope abwino ndi a m'mbali mwa mitsinje ngati Likangala ndi Domasi, osati a m'nyanja.

Yachiwiri ndi kuphimbira. M'dimba la tomato, mpiru kapena anyezi m'chilimwe, makoko oyalidwa pamwamba pa bedi amachepetsa kuuma kwa nthaka ndi kumera kwa udzu, ndiye kuti maulendo a kuchitsime ndi ndowa amachepa. Asagunde tsinde la mbewu chifukwa cha chiswe, ndipo musasiyemo njere zoitana makoswe.

Yachitatu ndi m'khola la nkhuku. Makoko ouma bwino ndi ophwanya amagwira ntchito ya utuchi kapena mankhusu a mpunga. Amayamwa chinyezi, ndipo akasakanikirana ndi zitosi amakhala atapeza kale nayitirojeni amene ankasowa, kotero kuti powasesa amangolunjika kunkhuti.

Yachinayi ndi moto. Makoko amayaka msanga pambaula, koma angathenso kusanduka makala. Amawatentha m'mgolo wotseka mwakuti mpweya uzilowa pang'ono, akada n'kuwasinja, kuwasakaniza ndi phala lamadzimadzi la ufa wa makaka, kuumba timibulu ndi kutiyanika padzuwa masiku angapo. Phulusa lake amayi amadontheza chidulo cha therere, ndipo lotsala limapita kudimba.

Pali chenjezo limodzi limene lidadziwika a Carver atamwalira kale. M'chaka cha 1960 nkhukundembo pafupifupi 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wachuku, ndipo pofufuza akatswiri adapeza poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, amatha kuyambitsa khansa, ndipo satha ndi kuphika kapena kukazinga. Choncho makoko achuku asalowe m'khola kapena m'chakudya cha ziweto. Chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti ufewe poswa n'choipa pa chifukwa chomwechi, pakuti chinyezi ndicho chimaitana chuku.

MASIKU OMALIZA

Atakalamba, a Carver ankachezeredwa ndi anthu otchuka. Henry Ford, mwini fakitale ya magalimoto, adakhala bwenzi lawo kuyambira mu 1937 chifukwa onse awiri ankafuna kupanga katundu wa m'mafakitale kuchokera ku mbewu. Koma iwo adakhalabe m'chipinda chawo pa Tuskegee, akuyankha makalata a alimi ofunsa za nthaka ndi matenda a mbewu popanda kuwalipiritsa. M'chaka cha 1940 adapereka ndalama zimene adasunga kuti ziyambitse thumba lopititsa patsogolo kafukufuku wa zaulimi pasukulupo, ndipo zonse pamodzi ndi zimene adasiya pomwalira zidakwana pafupifupi madola 60,000.

Adamwalira pa 5 Januwale 1943, patapita milungu ingapo atagwa pamasitepe, ali ndi zaka pafupifupi 78. Adaikidwa m'manda pa Tuskegee pafupi ndi a Booker T. Washington. Mu Julaye chaka chomwecho boma la America lidalamula kuti malo amene adabadwira ku Diamond akhale chikumbutso cha dziko lonse, ulemu umene munthu wakuda adali asadalandirepo.

Anzanga, ena mwa ife tidzakhala ansembe, ena aphunzitsi, ena alimi, koma pafupifupi tonse tidzatumikira anthu odya za khasu. Tikamapita kutchuthi, pena timachita manyazi kugwira ndowe poti tayamba kudziwa Chilatini ndi Chingerezi. A Carver adali ndi madigiri awiri m'nthawi imene anthu akuda ochepa kwambiri adali ndi imodzi, koma ankagwada m'munda wa mlimi wosaphunzira n'kufukula dothi ndi manja. Ndikupempha makolo athu kuti chaka chino makoko asatenthedwe, atisungire m'matumba pamalo ouma. Ifeyo tikabwera kutchuthi tidzakumbe nkhuti kuseri kwa khola, kuti mvula yoyamba ikamadzagwa manyowa adzakhale atapsa.